Kutumiza imelo ndi fakisi pa kompyuta ya patebulo muli kwanu ku Mulanje

Munthu wokhala ku Chitakale, ku Likhubula kapena cha ku Muloza akafuna kupereka chikalata ku ofesi ya ku Blantyre, njira imene ambiri anaizolowera ndi yolawirira minibasi m'mamawa, kudutsa pa Luchenza, pa Thyolo ndi pa Bvumbwe, n'kukatsika mu Limbe dzuwa litakwera, kotero kuti tsiku lonse limathera pa pepala limodzi. Amene ali ndi kompyuta ya patebulo m'nyumba mwake angathe kupulumutsa ndalama ya ulendowo pamodzi ndi tsiku lake la ntchito, bola adziwe kukonza chikalatacho bwino, kuchitumiza kumalo oyenera ndi kusunga umboni woti chafika.

Ine ndimalemba makalata a kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi m'dera lathu, ndipo kompyuta yanga ndi yakale, ndinaigula itagwirapo kale ntchito kwina. Chimene ndaona n'chakuti kudina batani lotumizira ndi ntchito ya kamphindi ndipo anthu salakwitsa pamenepo kawirikawiri. Zinthu zimaonongeka pokonza pepala, kenako zimaonongekanso pamene wotumiza wangokhala phee poganiza kuti kalata yafika, chikhalirecho kumeneko sanaone kanthu. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndimatsata ndekha.

Yambani ndi magetsi ndi intaneti

Kompyuta ya patebulo ilibe batire ngati laputopu, choncho magetsi akangothima imazima pomwepo ndipo zonse zimene simunasunge zimapita. Ngati thumba likulola, gulani UPS, kabokosi kolemera kokhala ndi batire kamene kamakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa kompyuta mwadongosolo, koma pulinta ya leza musailumikize pamenepo chifukwa imakoka magetsi ambiri. Ngati UPS simungaithe, zolowerani kudina Ctrl ndi S pamodzi mukangomaliza ndime iliyonse. Kuno kunsi kwa phiri mvula imabwera ndi mphenzi, ndipo mphenzi imayenda m'nthambo za magetsi ndi za foni zomwe. Mukamva mabingu akuyandikira, kuzimitsa pa swichi sikokwanira. Zulani pulagi kukhoma, ndipo ngati pali nthambo ya foni yapansi yolowa m'kompyuta, yambani mwazula imeneyo.

Makompyuta ambiri a patebulo, makamaka akale, sagwira Wi-Fi paokha. Njira yosafuna kugula chipangizo china ndi kubwereka intaneti ku foni ya m'manja. Gulani bandulo ya TNM kapena Airtel, malinga ndi netiweki imene imagwira bwino panyumba panu, ndipo ikhale bandulo ya intaneti yonse, chifukwa ya WhatsApp kapena Facebook yokha siingakutsegulireni imelo. Lumikizani foni ku kompyuta ndi nthambo ya USB, kenako pa foni ya Android lowani mu Settings, fufuzani pamene palembedwa kuti Hotspot and tethering, n'kuyatsa USB tethering. Pakapita masekondi ochepa, kachizindikiro ka netiweki kamene kali pansi chakumanja kwa sikirini kadzasintha. Kakapanda kusintha, yambani mwakayikira nthambo, pakuti nthambo zina zotchipa za pamsika zimangotchaja basi. Phiri limatchinga netiweki m'malo ena, ndiye musadabwe foni ikamagwira pawindo la kuchipinda koma n'kumakana pabalaza. Nthambo yaitali imathetsa zimenezi, foni n'kukhala pawindopo. Amene ali cha ku Muloza aziyamba ayang'ana dzina la netiweki pa foni, chifukwa kufupi ndi malire foni imatha kudumphira ku netiweki ya ku Mozambique.

Windows ikangomva kuti intaneti yabwera, imayamba kukopera zinthu zake zatsopano mwakachetechete, ndipo bandulo imene munagulira kalata imodzi imatha musanalembe ngakhale moni. Pa Windows 10 kapena 11 lowani mu Settings, kenako Network and Internet, sankhani kulumikiza kumene mukugwiritsa ntchito, n'kuyatsa pamene palembedwa za metered connection. Yang'ananinso tsiku ndi nthawi zimene kompyuta ikuonetsa. Ikamanena chaka chakalekale nthawi iliyonse mukaiyatsa, ndiye kuti kabatire kakang'ono kozungulira ngati kobiri, ka mtundu wa CR2032, kamene kali m'kati mwa bokosi la kompyuta, katha mphamvu. Tsiku likalakwika, Chrome kapena Firefox imakana kutsegula Gmail ponena kuti tsambalo ndi losadalirika, ndipo munthu angathe kuluza masiku akudzudzula netiweki, pamene vuto ndi kabatire kogula m'sitolo ya mawotchi.

Konzani chikalata musanaganize zotumiza

Kalata imene mwalemba mu Word musaitumize momwemo, pokhapokha ngati wolandira akufuna kuikonzanso. Fayilo ya Word imasintha maonekedwe ikatsegulidwa pa kompyuta ina, mizere imasuntha, tebulo la makilogalamu a masamba limaduka pakati, ndipo aliyense angathe kusintha nambala imodzi inu osadziwa. Isandutseni PDF, mtundu wa fayilo umene maonekedwe ake sasintha pa kompyuta ina. Mu Word dinani File, kenako Save As, ndipo pa mtundu wa fayilo sankhani PDF. Pa pulogalamu ina iliyonse ya pa Windows 10 kapena 11, chitani ngati mukufuna kusindikiza, koma pa dzina la pulinta sankhani Microsoft Print to PDF.

Chikalata chofuna siginecha ndi chidindo chiyenera kusindikizidwa papepala, kusainidwa, kenako n'kubwezeredwa m'kompyuta ndi sikana. Pa pepala la zolemba zokhazokha, ikani sikana pa 200 dpi kapena 300 dpi, ndipo sankhani zakuda ndi zoyera kapena zotuwa, chifukwa mitundu imakuza fayilo popanda phindu. Masamba onse alowe m'fayilo imodzi, motsatana monga momwe awerengedwere. Wopanda sikana angagwiritse ntchito foni, koma asangojambula chithunzi wamba. Pulogalamu ya Google Drive ya pa foni ili ndi batani lojambulira mapepala limene limawongola m'mbali ndi kupanga PDF. Yalani pepala pa tebulo pafupi ndi khomo, pamene pali kuwala kwa masana, imirirani moti mthunzi wa dzanja lanu usagwere papepalapo, ndipo pukutani diso la kamera. Mukatha, tsegulani fayiloyo pa kompyuta ndi kuikulitsa, muone ngati manambala onse akuwerengeka. Ipatseninso dzina lomveka. Mlembi wa mu ofesi amalandira mafayilo ambirimbiri otchedwa scan001, ndiye lanu likhale ndi dzina la gulu lanu, nkhani yake ndi mwezi.

Adiresi yanu ya imelo

Ngati mulibe adiresi, tsegulani Chrome, Edge kapena Firefox, lembani gmail.com pa mzere wa pamwamba, n'kudina Create account. Pali makampani enanso monga Yahoo ndi Outlook, koma ndikufotokoza za Gmail chifukwa pafupifupi aliyense wokhala ndi foni ya Android amakhala nayo kale, ngakhale ambiri sadziwa poti anawatsegulira ndi amene anawagulitsa foni. Gmail inayamba mu 2004, ndi yaulere, ndipo imapereka malo okwana 15 GB, amene ndi ochuluka kwa munthu wotumiza makalata. Sankhani dzina loti simungachite nalo manyazi mukamalitchula kwa bwana wa pa banki, ndiye kuti dzina lanu ndi la bambo anu, mwina ndi nambala imodzi kapena ziwiri ngati wina analitenga kale. Maina a pabwalo la mpira asiyeni ku Facebook.

Pasiwedi iyenera kukhala ndi zilembo zosachepera 8, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa kapena dzina la mwana wanu woyamba. Ilembeni m'kabuku kosungidwa pamodzi ndi makadi a kubanki, osati pa kapepala komata pa sikirini. Adzakufunsaninso nambala ya foni, ndipo apa perekani nambala yanuyanu, yolembetsedwa m'dzina lanu, imene mumaigwiritsa ntchito masiku onse. Mukadzaiwala pasiwedi, manambala otsegulira adzatumizidwa kumeneko. Wina akadzakuimbirani kapena kukulemberani kuti mumuuze manambala amenewo, kaya akudzitchula kuti ndi wa ku Google, kaya wa kubanki, dziwani kuti ndi wakuba.

Pali kanthu kamodzi kamene kamasokoneza oyamba kumene, ndipo ndi chizindikiro cha @ chimene chili pakati pa adiresi iliyonse. Anachisankha ndi Ray Tomlinson mu 1971 kuti chilekanitse dzina la munthu ndi dzina la makina osunga makalata ake. Pa kiyibodi ya ku America chimatuluka mukadina Shift ndi 2, pamene pa kiyibodi ya ku Britain chili pa batani la pafupi ndi Enter. Popeza makompyuta ogwirapo kale ntchito amachokera konsekonse, zimachitika kuti chimene chajambulidwa pa batani sindicho chikutuluka. Mukadina Shift ndi 2 n'kuona timizere tiwiri tam'mwamba, yesani Shift ndi batani linalo.

Kulemba ndi kutumiza

Mukalowa mu Gmail, dinani Compose chakumanzere, ndipo kabokosi kolembamo kadzatseguka. Ine ndimayamba ndi kuphatikiza chikalata ndipo adiresi ndimailemba pomalizira, chifukwa kalata yopanda adiresi siingachoke mwangozi isanathe. Dinani kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala kamene kali pansi pa kabokosiko, pezani fayilo yanu ya PDF, n'kudina Open. Pamenepa dikirani. Pafupi ndi dzina la fayilo pamakhala kamzere kamene kamadzaza pang'onopang'ono, ndipo netiweki ikakhala yofooka kamatenga mphindi zingapo. Gmail imalola mafayilo okwana 25 MB pa kalata imodzi. Ikaposa pamenepo imaikidwa pa Google Drive ndipo wolandira amangoona linki, chinthu chimene maofesi ena sachifuna. Chikalata cha masamba asanu chikafika pa mlingo umenewo, ndiye kuti munachijambula molakwika, bwererani ku sikana. Kumbukiraninso kuti Gmail imakumbutsa munthu amene waiwala kuphatikiza fayilo ngati walemba m'Chingerezi kuti waphatikiza, koma mukalemba m'Chichewa imangokhala chete.

Pa mzere wa Subject lembani mutu wa nkhani mwachindunji, monga mmene mumalembera mutu wa kalata ya ku ofesi. "Lipoti la masamba a tiyi a mwezi wa Malichi" ndi mutu, pamene "Moni" kapena "Chonde werengani" si mutu, ndipo kalata zotere ndi zimene zimakathera m'foda ya zinyalala. M'kati mwa kalata musatalikitse. Yambani ndi ulemu wake, monga "Okondedwa Mayi" kapena "Kwa a Mlembi", nenani kuti ndinu ndani, mwaphatikiza chiyani, ndi masamba angati, ndipo mukupempha kuti achite chiyani pofika liti. Tsekani ndi "Ine wanu", dzina lanu lonse, udindo wanu ndi nambala ya foni. Musalembe ndi zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa wowerenga amamva ngati mukumukalipira.

Tsopano lembani adiresi pa mzere wa To. Adiresi ya imelo siili ngati keyala ya ku positi imene wogwira ntchito wodziwa dera angathe kuikonza mukalakwitsa pang'ono. Chilembo chimodzi chikasowa, kalata imabwerera kapena imapita kwa mlendo. Musailandire pakamwa pa foni ngati pali njira ina. Pemphani kuti akutumizireni pa meseji, ndipo muikopere chilembo ndi chilembo. Yang'anitsitsani kumapeto kwake, pakuti maofesi a boma lathu amathera ndi gov.mw, masukulu aukachenjede ndi ac.mw, ndipo ambiri amaiwala ka mw kameneka. Mzere wa Cc ndi wa munthu amene mukufuna kuti angodziwa, monga wapampando wa gulu. Mzere wa Bcc umabisa maadiresi, ndipo ndi umene muyenera kugwiritsa ntchito polembera anthu ambiri osadziwana, kuti musamwaze maadiresi a eni ake.

Werenganinso zonse, kenako dinani Send. Pansi padzatuluka mawu akuti Undo kwa masekondi 5 okha, oti mubweze kalata ngati mwazindikira cholakwika. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwa munthu wamkulu, choncho lowani mu Settings, pa See all settings, n'kuikweza kufika masekondi 30. Mukatero tsegulani foda ya Sent muone ngati kalatayo ilimo pamodzi ndi fayilo yake, ndipo pakapita mphindi zochepa bwererani ku Inbox. Mukapezamo uthenga wochokera ku Mail Delivery Subsystem wonena kuti adiresi sinapezeke, kalata yanu sinapite kulikonse. Yankho likachedwa, yang'ananinso m'foda ya Spam.

Kwa amene netiweki imabwera ndi kupita, pali pulogalamu yaulere ya Mozilla yotchedwa Thunderbird. Mukaiika pa kompyuta n'kuipatsa adiresi yanu ya Gmail, imadzikonza yokha ndipo imasunga makalata pa kompyuta pomwepo. Mungathe kulemba makalata anu onse intaneti itazimitsidwa, iliyonse n'kuisunga ndi Send Later, ndipo netiweki ikabwera usiku mumayatsa kwa mphindi zochepa n'kusankha Send Unsent Messages pa File. Bandulo imakhalitsa kwambiri mwa njira imeneyi.

Fakisi

Fakisi, njira yotumizira chithunzi cha chikalata kudzera pa nthambo, ndi yakale kuposa foni, pakuti Alexander Bain wa ku Scotland analembetsa makina oyamba a mtunduwu mu 1843. Masiku ano ikutha, ndipo nambala ya fakisi yosindikizidwa pamwamba pa kalata ya kampani si umboni woti makinawo akadali amoyo. Musanavutike ndi chilichonse, imbani foni mufunse ngati fakisi yawo ikugwira ntchito, ngati muli mapepala, ndiponso ngati sangalole PDF pa imelo. Nthawi zambiri adzavomera imelo, nkhani n'kuthera pomwepo. Komabe alipo maofesi, makamaka zipatala, maloya ndi makampani ena akunja, amene amaumirirabe fakisi, ndipo kwa iwowo pali njira ziwiri.

Njira yoyamba imafuna foni yapansi, ya nthambo yeniyeni yochokera pa mtengo monga za MTL, pamodzi ndi modemu ya fakisi. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa kachipangizo ka intaneti kolowetsamo simu khadi nakonso timakatcha modemu, koma sikatumiza fakisi, ndipo foni ya patebulo yoyendera simu khadi nayonso si foni yapansi imene ikufunika pano. Yang'anani kumbuyo kwa bokosi la kompyuta yanu. Mukaona kabowo kofanana ndi ka nthambo ya netiweki koma kocheperako, mwina tiwiri toyandikana tolembedwa kuti Line ndi Phone, ndiye kuti modemu ilimo kale. Ngati mulibe, pamafunika modemu ya fakisi yolumikiza pa USB. Nthambo yochokera kukhoma ilowe pa Line. Mapulinta ena a HP, Canon, Brother ndi Epson amene amasindikiza, kujambula ndi kukopera amakhalanso ndi fakisi, ndipo kumbuyo kwawo kuli timabowo tomweti.

Mukalumikiza, dinani Start n'kulemba Windows Fax and Scan. Pa Windows 11 pulogalamuyi imatha kukhala isanaikidwe, ndipo mumaiwonjezera polowa mu Settings ndi kufufuza Optional features. Ikatseguka dinani New Fax. Ulendo woyamba idzakufunsani njira yolumikizira, ndipo musankhe Connect to a fax modem. Idzafunsanso ngati iziyankha yokha foni ikalira. Ngati foni yomweyo ndi imene a pabanja amalankhulira, musalole zimenezo, apo ayi achibale oimba adzalandiridwa ndi kulira kwa makina. Pa Tools pali Sender Information pamene mumalemba dzina lanu ndi nambala yanu kamodzi kokha. Mukatero lembani nambala ya wolandira pa To, mutu pa Subject, phatikizani chikalata ndi kachizindikiro ka kawaya kaja, n'kudina Send. Njira yachidule, imene ine ndimaikonda, ndi kutsegula chikalatacho, kudina Print, n'kusankha Fax m'malo mwa pulinta. Mudzamva modemu ikuimba, kenako kulira kwa mluzu pamene makina awiriwo akugwirizana. Tsamba limodzi limatenga mphindi imodzi kapena kucheperapo, ndipo nthawi yonseyo wina asanyamule foni. Fakisi imakhala mu Outbox pamene ikupita, ndipo ikatheka imasamukira mu Sent Items. Ikatsalira mu Outbox, werengani chifukwa chimene chalembedwa pambali pake, kaya ndi foni yotanganidwa, kaya palibe woyankha.

Nambala ya m'dziko momwe muno ilembeni monga mmene mumaimbira. Ya kunja iyambe ndi 00, kenako nambala ya dziko, ndipo 0 woyamba wa nambala ya komweko achotsedwe. Ku Johannesburg manambala a foni yapansi amayamba ndi 011, choncho inu mulemba 00 27 11 n'kupitiriza, pamene ku London amayamba ndi 020 ndipo mulemba 00 44 20. Dziko la Mozambique ndi 258. Mtengo wake ndi wofanana ndi kuimba foni kumeneko kwa mphindi zomwezo.

Nyumba zambiri kuno zilibe foni yapansi, ndiye njira yachiwiri ndi imene ingathandize ambiri. Pali makampani a pa intaneti, monga eFax ndi Fax.Plus, amene amalandira chikalata chanu n'kukachitumiza pa makina a fakisi m'malo mwanu. Mumalembetsa pa tsamba lawo ndi adiresi yanu ya imelo, kenako mumalemba nambala ya wolandira, kukweza PDF yanu ndi kudina batani lotumizira. Ambiri amalolanso kutumiza muli mu Gmail momwemo, pamene pa mzere wa To mumalemba nambala ya fakisi, chizindikiro cha @ ndi dzina limene kampaniyo yakupatsani. Pa njira iyi nambala iliyonse imalembedwa ndi nambala ya dziko, ngakhale ya ku Blantyre, ndiye kuti mumachotsa 0 woyamba n'kuyamba ndi 265. Musanalipire kalikonse, tsegulani mndandanda wa mayiko ndi mitengo yake muone ngati dziko limene mukutumizako lilipo. Malipiro amakhala m'ndalama zakunja kudzera pa khadi ya kubanki, ndipo ambiri amadula mwezi ndi mwezi mpaka mutawaletsa, choncho wofuna kutumiza fakisi imodzi yokha asaiwale kuletsa akamaliza. Ganiziraninso kuti chikalatacho chikudutsa m'manja mwa kampani ina, ndiye ngati muli za kuchipatala kapena za kubanki, sankhani kampani yodziwika, osati tsamba lililonse lolonjeza zaulere.

Njira iliyonse imene mwasankha, fakisi imangodziwa zakuda ndi zoyera, ndipo imaona mosalongosoka poyerekeza ndi sikana. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi. Ndinatumiza fomu ya masamba atatu ku ofesi ina, nditadinda chidindo cha kalabu cha inki yofiirira pamwamba penipeni pa siginecha ya wapampando monga tinazolowera, ndipo manambala ena ndinadzaza ndi pensulo. Nditaimba mawa lake, mayi amene anayankha anati: "Bambo, zafika, koma tsamba lachitatu pali chibanga chakuda bii, ndipo m'mabokosi mulibe kanthu. Mutumizenso." Kuyambira pamenepo ndimalemba ndi bolopeni yakuda, chidindo ndimachiika pambali pa siginecha, ndipo zilembo za pa kompyuta sizitsika pa 12. Mapepala amitundu, zithunzi ndi mizere yopakidwa utoto woonetsera mawu zonse zimatuluka zakuda. Patsogolo ikani tsamba lonena dzina la wolandira, dzina lanu, nambala yanu ya foni ndi chiwerengero cha masamba onse, chifukwa mu ofesi makina ndi amodzi koma ogwira ntchito ndi ambiri, ndipo tsamba lililonse likhale ndi nambala yake.

Umboni woti zafika

Foda ya Sent imangotsimikiza kuti kalata yachoka kwa inu, ndipo uthenga wa fakisi wonena kuti yatheka umangotsimikiza kuti makina a uko anayankha. Zonse ziwiri sizinena kuti munthu wagwira pepala lanu. Ngati chikalatacho chili ndi tsiku lotsekera, monga kalata yofunsira ntchito, fomu ya sukulu kapena pempho la ngongole ya feteleza, tumizani kukadali masiku awiri kapena atatu, m'mawa wa tsiku la ntchito, ndipo pakapita ola limodzi imbani foni. Nenani dzina lanu, nthawi imene munatumiza, mutu wa kalata ndi chiwerengero cha masamba, kenako funsani mwaulemu kuti, "Pepani mayi, ndalankhula ndi ndani?" Pa imelo pemphani kuti akuyankheni ngakhale ndi mzere umodzi, chifukwa yankho limenelo lili ndi tsiku ndi nthawi zimene munthu sangazikane.

Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndimalembamo tsiku, nthawi, kumene chikalata chapita, njira imene chadzera ndi dzina la amene wavomera kuti walandira. Uthenga wotsimikiza wa fakisi ndimausindikiza n'kuupana pamodzi ndi chikalata chenichenicho, ndipo ngati watuluka pa pepala loterera la makina akale a fakisi ndimaupanga fotokope tsiku lomwelo, chifukwa zolemba za papepala limenelo zimafufutika pakapita miyezi. Mafayilo a PDF ndimawakopera pa fulashi kumapeto kwa mwezi uliwonse. Mapepala osagwiritsa ntchito ndimawasunga m'jumbo yomanga bwino m'kabati, pakuti chiperoni ikagwa masiku atatu otsatizana amayamwa chinyezi, ndipo pulinta imayamba kukoka awiriawiri kapena kuwatafuna.